Akuti ndi Ford ya 1932 ndi injini yake yomwe, nanga mapaipi atatuwo?

Funso lachokera kwa m'bale wathu wina amene amagwira ntchito pa galaja yowongola magalimoto ku Johannesburg. Akuti: "Abwana anga agula chigalimoto chakale chija amati hot rod. Wogulitsa anati ndi Ford ya 1932 ndipo injini ndi yake yomwe inabwera nayo. Andiuza ndifufuze kuti tiwode masipeya oyenera, koma ine mutu waima. Mapulagi alipo 8 koma mapaipi a ekizozi ndi atatu mbali iliyonse, makabureta ndi awiri, pa mahedi palembedwa Offenhauser, ndipo pothirira petulo pali kutsogolo kwa windisikirini. Nambala ya injini ndafuna mpaka kutopa, sindikuiona. Zithunzi ndatumiza. Ndi injini yanji imeneyi?"

Achimwene, zithunzi ndaziona, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: injiniyo ndi V8 ndithu, musawauze abwana kuti anawagulitsa V6. Koma nkhani yoti ndi injini ya 1932 ija ayi, wogulitsayo kaya ananama dala kaya naye anangomva kwa amene anamugula, koma chitsulo chimene chili pa zithunzicho chikuoneka kuti chinaumbidwa patadutsa zaka zosachepera 16 kuchokera mu 1932. Ndipo bodiyo nayonso ndikuikayikira, tifikako.

Choyamba mumvetse kuti hot rod si galimoto imene inatuluka ku fakitale choncho. Zinthuzi zinayambira ku Southern California m'ma 1930, anyamata opanda ndalama ankagula ma Ford otha a Model T ndi Model A pa mtengo wozizira, n'kuchotsa mamadigadi, boneti ndi chilichonse cholemera, n'kuponyamo injini yaikulu imene aipeza kwa ogulitsa zitsulo, kenako n'kumakathamangitsana pa nyanja zouma za ku Muroc ndi El Mirage. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945 asilikali anabwerera kwawo atadziwa kuwotcherera ndi kukonza mainjini, nde zinthu zinachita kunyanya. Ndiye galimoto ngati imeneyi imakhala ngati chigamba, bodi ya chaka china, chasisi ya chaka china, injini ya kwina, difu ya kwinanso, ndipo mwini aliyense amene yadutsa m'manja mwake amasinthako kenakake. Mukapita ku shopu n'kunena kuti ndikufuna gasiketi ya Ford 1932 mubwera ndi chinthu choti sichilowa. Chiwalo chilichonse muchifunse pachokha kuti iwe unachokera kuti.

Tiyambe ndi injini. Imene muli nayoyo dzina lake ndi flathead V8 ya Ford, inayamba mu 1932 n'kutha mu 1953 ku America. Amaitcha choncho chifukwa mavavu ali m'buloko, pambali pa masilinda, ndiye hedi ndi chivindikiro chabe chafulati, mulibe malokala, mulibe chivindikiro cha mavavu pamwamba, mapulagi amangoima poyera. Mapaipi atatu aja ndi chidindo chake chenicheni. Masilinda awiri a pakati mbali iliyonse amagawana khomo limodzi la ekizozi, ndipo utsi wonse umadutsa mkati mwa buloko, pakati pa madzi, usanatuluke kunja. N'chifukwa chake mainjini amenewa amatchuka ndi kuwira ndipo ali ndi ma wota pampu awiri, mbali iyi yake mbali iyo yake. Ndiye anayi kuchotsa limodzi, atatu. Palibe chasowa.

Tsopano kuti ndi flathead ya liti. Apa werengani manati a pa hedi imodzi, ine pa chithunzi chanu ndawerenga kawiri ndipo ndikupeza 24. Mainjini oyamba, kuyambira 1932 mpaka chakumayambiriro kwa 1938, anali ndi 21, kukula kwake 221 cubic inch, ngati malita 3.6, ndipo ya 1932 yeniyeniyo inkatulutsa mahatchi 65 okha. A 24 anayamba mu 1938. Kulinso kaflathead kakang'ono kotchedwa V8-60 ka manati 17, koma aka simungakasokoneze, n'kochepa zedi. Ndiye ndi manati okhawo nkhani ya 1932 yagwa kale. Chachiwiri, pa injini za 1932 mpaka 1936 ma wota pampu ankakhala pa mahedi kutsogolo, kuyambira 1937 anawatsitsira pa buloko, ndipo anuwo ali pa buloko. Chachitatu onani pamene mahosi a pamwamba opita ku rediyeta akutulukira. Kuyambira 1937 mpaka 1948 ankatulukira pakati pa hedi, pa mainjini omaliza amatulukira kutsogolo kwenikweni kwa hedi, ngati anuwo. Kenako disitibyuta. Pa zakale zonse mpaka 1948 imamatirira pamphuno pa injini, kutsogolo kwa kamushafuti, kuseri kwa fani, malo ovuta kufikako moti amakaniko ankaichita kuichotsa kuti akaitchunire pa benchi. Yanuyo yaima chopendekeka kutsogolo cha kumanja ngati ya galimoto wamba, kapu yake ikuoneka bwinobwino. Zonsezi zikuloza ku mtundu wotchedwa 8BA, umene unali mu magalimoto ang'ono a Ford kuyambira 1949 mpaka 1953, ndipo m'malole unayamba mu 1948 ndi dzina loti 8RT.

Komabe ndisakunamizeni kuti mahedi ndi disitibyuta ndi umboni wotsiriza, chifukwa izi ndi zomanga ndi mabawuti, anthu amasinthanitsa. Alipo ambiri amene amatenga buloko ya 8BA n'kuiveka mahedi ndi disitibyuta zakale kuti izioneka ya nkhondo isanayambe. Chimene sichinama chili kumbuyo kwa injini, kumene chithunzi chanu sichinafike. Gonani pansi ndi tochi muone pamene injini yakumana ndi giyabokosi. Pa buloko za 1932 mpaka 1948 theka la belohauzing'i linaumbidwira pamodzi ndi buloko, chitsulo chimodzi, chimachita kutambasuka ngati siketi kuphimba fulaiwilo. Pa 8BA buloko imangothera pafulati ndipo belohauzing'i ndi chinthu chapadera chomangidwa ndi mabawuti. Mukaona mzere wa mabawuti pamenepo nkhani yatha, ndi 8BA. Mukapeza kuti n'choumbidwira pamodzi ndipo pamwamba pake pali 59 wamkulu wotukuka, ndiye kuti ndi 59A, ya itangotha nkhondo mpaka 1948, ndipo ine ndidzakhala kuti ndaphonya.

Za nambala imene mwatopa kuifunayo, musadabwe, mwina simuipeza. Ford ya ku America pa ma flathead V8 sinkadinda siriyo nambala pa buloko. Kuyambira 1932 mpaka 1948 ankaidinda pamwamba pa giyabokosi ndi pa chasisi, pa njanji ya kumanzere chapafupi ndi pamene bodi imayambira, ndipo ya V8 yoyambirira imayamba ndi 18 itazunguliridwa ndi tinyenyezi uku ndi uku. Model A ndi imene ili ndi nambala pa buloko yake ya masilinda anayi, kumanzere, ndi inanso pamwamba pa chasisi koma yobisika pansi pa bodi. Apa ndikuchenjezeni kanthu kena kamene kanandisokonezapo ine ndili mnyamata: mabuku a ku America akamati mbali ya dalaivala amatanthauza kumanzere, pamene ife kuno dalaivala amakhala kumanja. Muziwerenga kumanzere ndi kumanja ngati mwakhala pa mpando mukuyang'ana kutsogolo basi. Komanso poti muli ku South Africa, Ford inayamba kulumikiza magalimoto ku Port Elizabeth mu 1924 ndipo zipangizo zinkachokera ku Ford ya ku Canada, osati ku Detroit, ndiye musadabwe mukapeza zilembo zoyamba ndi C monga C59A kapena C69A pa buloko, ndi za ku Canada zimenezo ndipo mabuku ambiri a ku America amangozidumpha.

Funso limene abwana anu afunse kenako ndi loti kodi ndi ya Ford kapena ya Mercury, chifukwa ndalama zimasiyana. Buloko ndi imodzimodzi, boo yake 3 3/16 inchi, pafupifupi 81 mm. Kusiyana kuli pa kirankishafuti. Ya Ford sitiroko ndi 3.75 inchi, imapereka 239 cubic inch, malita 3.9, pamene ya Mercury ya 1949 mpaka 1953 sitiroko ndi mainchi 4 ndipo imafika 255, malita 4.2. Mahedi a fakitale akanakhalapo akanatipatsako chithunzi, a Ford amalembedwa 8BA kapena EAB, a Mercury 8CM kapena EAC, koma ngakhale pamenepo anthu ankasaka kiranki ya Mercury n'kuiika mu Ford ngati chinthu choyamba pofuna mphamvu. Ndiye njira ndi kuyeza basi. Ndipo musayese zija timachita pa Toyota zolowetsa waya pa bowo la pulagi, pa flathead pulagi siili pamwamba pa pisitoni, ili cha pamwamba pa mavavu, mungopinda waya kapena kuwononga vavu. Chotsani hedi imodzi, zungulitsani injini ndi dzanja, yezani kuchokera pamwamba mpaka pansi: 95 mm ndi Ford, 101 kapena 102 mm ndi Mercury. Hediyo ikachoka pezeranipo mwayi, pukutani bwino pakati pa mpando wa vavu ndi silinda muone ngati pali mng'alu, chifukwa ndi pamene mabuloko amenewa amafera. Ine ndikanakhala abwana anu sindikanagula sipeya iliyonse ndisanayezetse buloko ndi puresha.

Dzina la Offenhauser lija likungokuuzani amene anapanga mahedi a aluminiyamuwo, silikunena za injini. Nthawi ya ma flathead ku Los Angeles kunali timakampani tambiri topanga mahedi a mizeremizere ndi mamanifodi a makabureta awiri kapena atatu: Edelbrock, Offenhauser, Weiand, Navarro, Eddie Meyer, Evans, Sharp. Vic Edelbrock anayamba ndi manifodi yake yotchedwa Slingshot chakumapeto kwa ma 1930. Vuto ndi loti ena mwa mayinawa anapitiriza kupangidwa zaka zambiri pambuyo pake, ndiye hedi yolembedwa Offenhauser ikhoza kukhala ya 1951 kapena yogulidwa chaka chatha. Yakale imadziwika mukaichotsa, njira za madzi zimakhala zodyeka ngati chiswe chadutsamo, mabowo a mapulagi nthawi zambiri anakonzedwapo kale, ndipo pansi pake pamakhala popalidwa kangapo. Kwa ine yatsopano ndi yabwino poyendera, yakale ndi yabwino ponyadira. Timanati tonyezimira ta mutu wozungulira tija nthawi zambiri ndi tizipewa chabe tovekedwa pamwamba, kokani kamodzi muone.

Makabureta awiriwo yang'anani m'mbali mwa thupi lake. Mukaona 97 wamkulu ndi Stromberg 97, imene Ford inkaika kuyambira 1936 mpaka chakumayambiriro kwa 1938 ndipo ndi imene anyamata a hot rod anaikonda kuposa ina iliyonse. Mukaona 94, kawirikawiri ndi dzina la Ford pambali, ndi ija anthu amati Holley 94, inalowa m'malo mwake kuyambira 1938. Zonse zimakhala pa mabawuti atatu ndiye zimalowana pa manifodi, koma makiti okonzera ndi osiyana. Palinso Stromberg 48 ndi 81 zofanana nkhope ndi 97 koma kukhosi kosiyana, ndiye onetsetsani kuti awiriwo ndi mapasa enieni. Ma 97 atsopano akupangidwanso ku England, amadziwika ndi kuyera kwake. Ngati wina anaika pampu ya petulo ya magetsi ndipo makabureta akudontha, musathamangire kumasula, Stromberg imafuna puresha yochepa, cha mu 2.5 psi, kupitirira apo imasefukira. Ndipo nkhani ina yofunika: disitibyuta ya fakitale ya 8BA, yotchedwa Loadomatic, imasuntha taimingi ndi vakyumu yokhayokha yochokera ku kabureta yake imodzi ija, ilibe timiyala tozungulira mkati. Mukaiphatikiza ndi ma Stromberg awiri taimingi imasochera, galimoto imakhala yaulesi ndi yotentha. Odziwa amaika disitibyuta ya kampani ya Mallory kapena ya Chevrolet yosinthidwa. Vundukulani kapu muone chimene chilipo musanawode mapointi.

Musanalumikize batire imani kaye. Ford mpaka 1955 inali ya mavoti 6 ndipo waya wa pozitivu ndi umene umapita ku bodi, 12 ya negetivu ku bodi inayamba mu 1956. Hot rod zambiri anazisintha kale, makamaka ngati pali alitaneta m'malo mwa jenereta, koma werengani pa koilo ndi pa mababu mutsimikize.

Tsopano bodi. Pothirira petulo kutsogolo kwa windisikirini ndi Model A imeneyo, ya 1928 mpaka 1931, thanki yake ili pamwamba pa mawondo a dalaivala ndipo petulo amangotsika yekha popanda pampu. Ford ya 1932 thanki ili kumbuyo. Chimene chapusitsa anthu ndi gilili ya kutsogolo, yomwe pa chithunzi ikuonekadi ya 1932, koma kuika gilili ya 32 pa Model A ndi mwambo wakale kwambiri, pafupifupi aliyense ankatero. Model A yokhala ndi flathead V8 ili ndi dzina lake, amati A-V8, ndipo si chinthu chochititsa manyazi, ndi hot rod yeniyeni ya chikale, kungoti mtengo wake sufika pa 32 yeniyeni imene iwo amaitcha Deuce. Tengani maginito muyendetse pa zitseko ndi kumbuyo. Ikakana paliponse ndi faibagalasi, ikamagwira pena n'kukana pena ndi chitsulo chodzaza fila, inu a ntchito yowongola mukudziwa bwino kuposa ine. Ikagwira paliponse bwinobwino musasangalale msanga, ku America kuli makampani monga Brookville amene amapanga mabodi atsopano achitsulo, ndiye chotsani mpando ndi zophimba za zitseko muone mkati, chitsulo cha zaka 90 sichibisika.

Chasisi iyang'aneni m'mbali. Ya 1932 ili ndi mzere wopindidwa woyenda m'litali mwa njanji chifukwa inapangidwa kuti izionekera kunja, ndipo imapindika mokongola. Ya Model A ndi yowongoka, yopyapyala, ngati makwerero. Yezaninso kuchokera pakati pa tayala la kutsogolo kufika pakati pa la kumbuyo: Model A ndi mainchi 103.5, ngati 263 cm, 32 ndi mainchi 106, ngati 269 cm. Mukaona mapaipi a makona anayi owotchereredwa ndiye kuti wina anaipanga yekha pa galaja, apo nambala ya Ford musaifune, yang'anani mawelodi ake ngati ali abwino ndiponso ngati nambala ya pa mapepala ikufanana ndi imene yadindidwapo.

Pansi pa galimoto ndi pamene pamakhala zosakaniza zambiri. Ngati giya ndi ya pansi, magiya atatu, ndodo yotulukira pamwamba pa bokosi, mwina ndi ija ya Ford ya 1939 imene ankaikonda chifukwa mu 1940 magalimoto ang'ono anasamutsira giya ku chiwongolero. Ngati magiya ndi asanu ndipo bokosi ndi la aluminiyamu ndi T5 ya m'ma 1980 yolumikizidwa ndi adaputala. Pulopushafuti ikakhala yobisika mkati mwa chipaipi chosazungulira, ndipo difu ili ndi mphete pakati ndi mikono iwiri yomangidwa ndi mabawuti uku ndi uku, imeneyo ndi banjo ya Ford, inatha mu 1948. Difu yopanda chivindikiro kumbuyo, imene mtima wake umatulukira kutsogolo, kawirikawiri ndi Ford 9 inch ya 1957 kupita mtsogolo. Koma mukaona chibokosi cha aluminiyamu chotulukira kumbuyo chokhala ndi kachivindikiro, makamaka cholembedwa Halibrand, auzeni abwana agule fanta, ndi quick change imeneyo, yosinthira magiya a difu mphindi zochepa, ndipo yakale yeniyeni ndi ndalama. Mabuleki nawonso, Ford inakakamira a ndodo ndi a kebulo mpaka 1938, a fuluwidi anayamba mu 1939, ndiye ngati pali mapaipi a fuluwidi opita ku madiramu, mwina ndi a 1939 mpaka 1948, ndipo madiramu a aluminiyamu a mizeremizere kutsogolo amakhala a Buick. Ekiselo ya kutsogolo ikakhala yopindikira m'mwamba kumapeto ndi ija anaitsitsa dala kuti mphuno igwe, yang'anani bwino mopindikamo ngati mulibe ming'alu.

Poti muli pa galaja ndipo zina zibwera, ndikupatseniko za mainjini ena mwachidule. Yofala kwambiri ndi small block ya Chevrolet, inayamba mu 1955 ndi 265, kenako 283 mu 1957, 327 mu 1962, 350 mu 1967. Disitibyuta ili kumbuyo, mapaipi awiri a pakati a ekizozi ndi ogundana, ndipo iyi ndiye ili ndi manambala okoma: nambala youmbidwa ili kumbuyo kumanzere pamene buloko yakumana ndi belohauzing'i, deti yake ndi chilembo cha mwezi, A Januwale mpaka L Disembala, kenako tsiku ndi nambala yomaliza ya chaka, ndipo yodindidwa ili pa kashelefu kutsogolo kwa hedi ya kumanja. Ine kunabwera ina pa galaja yovala zivindikiro zolembedwa Corvette, mwini wake akuyenda monyada, titapukuta gilizi kumbuyoko tinapeza ndi small block wamba ya 305. Small block ya Ford disitibyuta ili kutsogolo ndipo chivindikiro cha mavavu chili ndi mabawuti 6, pa mainjini ena a Ford, Cleveland ili ndi 8, FE 5, pamene Y-block ya 1954 ili ndi manati awiri okha pamwamba ndi disitibyuta kumbuyo. Buick nailhead zivindikiro zake n'zopyapyala zoima chilili, Hemi ya Chrysler ya m'ma 1950 n'zotambalala ndipo mawaya a mapulagi amalowa pakati. Kumene muliko muzikumananso ndi Rover V8 ya aluminiyamu ndi Essex V6 ya malita atatu zimene anthu ankaika chifukwa ndi zimene zinalipo.

Ndiye mawa m'mawa tengani parafini ndi burashi ya waya, mutsuke kumbuyo kwa injiniyo ndi pamwamba pa njanji ya kumanzere, koma osagwiritsa gulainda kapena sandipepa yokakala chifukwa manambala a Ford anadindidwa mosazama, mungawafufute. Masipanala a mamilimita asiyeni m'bokosi, zonse ndi za mainchi. Munditumizire chithunzi cha polumikizira giyabokosi, cha m'mbali mwa kabureta iliyonse, cha mkati mwa disitibyuta ndi cha difu kuchokera kumbuyo. Mukapeza mzere wa mabawuti uja, gasiketi za hedi muwode za 8BA, 1949 mpaka 1953, osati za 59A, chifukwa ngakhale zonse zili ndi mabowo 24 njira za madzi sizifanana.